Bambo akubwera ku Cape Town, ndikawaonetse kuti?

Nachisale wa ku Wynberg: Odi muno abale. Ndithandizeni nzeru. Bambo akubwera mwezi wamawa, atsagana ndi mlongo wanga wamng'ono, ndipo kuntchito andipatsa masiku atatu. Manyazi anga ndi awa: ndatha zaka 7 kuno koma njira imene ndimaidziwa ndi ya kunyumba, kuntchito ndi kutchalitchi basi. Phiri la Table Mountain ndimangoliona pawindo la sitima. Bambo ali ndi zaka 71, ndi mkulu wa mpingo ku Nkhoma Synod, anagwirako kumigodi nthawi ya Theba koma akuti nyanja ya mchere sanaionepo. Kuyenda amayenda, koma masitepe ambiri ayi. Mlongo wangayo ali ndi zaka 24, iye nkhani yake ndi ya usiku, wayamba kale kundifunsa za Long Street. Thumba ndi lopepuka. Ndiyambire pati?

aPhiri a ku Bellville: Mwanawe, manyazi achoke, otere tilipo ambiri. Ine ndinatha zaka 10 ndisanalowe mu Castle, linga lakale la Adatchi lija, pamene tsiku ndi tsiku ndinkatsikira basi pakhomo pake. Poti bambo ndi a Nkhoma, usavutike, yambira pa Groote Kerk kumtunda kwa Adderley Street. Mpingo wa Dutch Reformed wa kuno ku Cape ndi umene unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, aja anakatsegula mishoni ku Mvera mu 1889, kenako Nkhoma n'kubadwa mu 1896. Panja pa tchalitchicho pali chiboliboli cha Andrew Murray, wa banja lomwelo. W.H. Murray amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika ndi wa mtundu womwewonso. Mkatimo ukawaonetse gome lolalikirapo, losemedwa ndi Anton Anreith mu 1789, lakhazikika pa mikango iwiri ya mtengo. Mkulu wa mpingo akaona gome limenelo sadzafunanso kuchoka, ndikukuuza.

Thoko (wophunzira zomangamanga): Zoona aPhiri. Ndiwonjezere kuti nsanja ya belu ndi yakale kuposa tchalitchicho. Nsanjayo ndi ya tchalitchi choyamba cha 1704, pamene chimene chilipo lerochi anamanganso mu 1841. Mukalowa muyang'ane kudenga, chipinda chachikulu chotero koma pakati palibe mzati ndi umodzi womwe. Koma achemwali, mukatuluka mu Groote Kerk musabwerere. Mungowoloka kamsewu, nyumba yotsatira ndi Slave Lodge. Kampani ya Adatchi, VOC, inaimanga mu 1679 kuti izitsekeramo akapolo ake. Anthu ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi Mozambique. Poyamba inalibe mawindo enieni, timipata chabe. Kuseri kwa tchalitchi, pa Church Square, pali miyala yakuda yolembedwa mayina a akapolo. Nyumba ziwirizi muyenera kuziona tsiku limodzi.

aPhiri a ku Bellville: Thoko, munthu wamkulu akubwera kudzapuma. Timuonetse kumene kunachokera mpingo wake, tisamupatse katundu wolemera mumtima.

Thoko (wophunzira zomangamanga): Pepani aPhiri ngati ndalankhula mothamanga, koma si ine ndinaziyandikanitsa nyumbazo. Ndipo nkhaniyi si ya anthu akutali. Mu December 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José chinasweka pamiyala ku Clifton, pomwe lero anthu amagona pamchenga atadzola mafuta. Chinanyamuka ku Mozambique ndi akapolo oposa 500 kupita ku Brazil. Oposa 200 anamira. Amene anapulumuka anawagulitsa konkuno. Agogo athu amakamba za anthu ogwidwa n'kupita nawo kunyanja osabwereranso, ndiye bambo akaona okha kumene ena ankathera.

Nachisale wa ku Wynberg: Bambo anga amakonda mbiri, pa wailesi saphonya. Ndiwalowetsa konse kuwiri, aPhiri musadandaule.

Gift wa pa Long Street: Koma inu mukufuna bambowa abwerere kumudzi akulira? Tsiku loyamba manda, lachiwiri ndende? Achemwali, mverani ine. Lamulo la Cape Town ndi limodzi: mukadzuka m'mawa n'kuona Table Mountain ili mbee, yopanda mtambo, siyani zonse mukwere tsiku lomwelo. Musati mawa. Kuno kuli mwera wakenso, azungu amati Cape Doctor, ukayamba mtambo umayala pamwamba pa phiri ngati nsalu ya patebulo ndipo cable car, kangolo koyenda pa chingwe kokweza anthu paphiri, amaitseka. Anthu amachokera ku Germany n'kubwerera osakwera. Kukwera kwake ndi mphindi zisanu zokha, pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono ndiye aliyense amaona mbali zonse, palibe cholimbirana windo. Tikiti gulani pa intaneti, mzere wake umatopetsa. Ndipo tengani juzi ngakhale pansi kukutentha. Pamwamba ndi mamita oposa 1,000, kuli chisanu cha ku Dedza.

Mai a Tadala ku Capricorn: Osawauza bambowo za Platteklip Gorge, njira yapansi ija. Anyamata a kutchalitchi kwathu anakwera ndi masilipasi, wina anatsika atamubereka.

Kondwani wa Uber: Ngati thumba lavuta kapena cable car yatsekedwa, Signal Hill ndi yaulere ndipo galimoto imafika mpaka pamwamba. Madzulo mumaona dzuwa likulowa m'nyanja, Robben Island ili apo, sitediyamu ya Green Point ili pansi ngati mbale. Chimodzi chokha, muwachenjeze bambo za mzinga. Pa 12 koloko masana asilikali a pamadzi amawomba mzinga paphiri lomwelo tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku atchuthi, mwambo wa kuyambira 1806. Kale unkathandiza a zombo kukonza mawotchi awo. Tsiku lina ndinanyamula mayi wina wa ku Lusaka, tili pa Buitengracht mzinga uja kuti phuu, mayi anagwada pansi pa mpando akuitana Yesu. Anthu panja akungoyang'ana mawotchi.

Che Bwanali a pa Greenmarket: Asalaam aleikum nonse. Mwana wathu Nachisale, mukatsika ku Signal Hill mudzere ku Bo-Kaap. Ine Lachisanu ndimaswali kumeneko. Mzikiti wa Auwal mu Dorp Street ndi woyamba mu South Africa muno, wa 1794. Imamu wake woyamba, Tuan Guru, anali mwana wa mfumu wa ku Tidore ku Indonesia, Adatchi anamutsekera pa Robben Island, ndipo ali komweko analemba Qur'an yonse kuchokera m'mutu. Ndiye chilumba chija chinayamba kale kusunga anthu Mandela asanabadwe. Pempho langa ndi ili. Nyumba zamitundumitundu zija, zobiriwira, zapinki, zachikasu, si malo ojambulirapo zithunzi chabe, muli mabanja. Ndaonapo alendo atakwera pakhonde la eni, kukhala pabenchi lawo, mwini nyumba akudikira kuti atuluke. Perekani moni, pemphani, sakana. Misewu yake ndi ya miyala yoyala ndipo ndi chitunda, ndiye bambo ayende pang'onopang'ono, Wale Street ndi Chiappini Street zakwana. Lamlungu m'mawa amagulitsa ma koesister, ali ngati mandasi koma onunkhira sinamoni, oviika m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati. Mukatero mutsikire ku Greenmarket Square mudzandipeze, bambo adzaseka kuona mipando ya mfumu ndi ziboliboli za kwathu zikugulidwa ndi ma euro.

Nachisale wa ku Wynberg: Zikomo Che Bwanali, tidzafika. Kodi n'zoona kuti nyumba za ku Bo-Kaap zija anazipaka utoto choncho pokondwerera kutha kwa ukapolo?

Che Bwanali a pa Greenmarket: Otsogolera alendo amatero. Ine ndafunsapo azigogo atatu a komweko, aliyense anandiyankha zake. Wina anati ankangopaka pokonzekera Eid, mnzake akapaka buluu iwe umafuna yosiyana.

Thoko (wophunzira zomangamanga): Ndibwerere ku nyumba, poti ndi zimene ndimadya nazo. Mu tauni muno chinsinsi n'kuyang'ana m'mwamba. Pansi pali mashopu a mafoni ndi nkhuku yokazinga ngati kulikonse, koma nsanjika yachiwiri ndiyo imanena zaka za nyumbayo. Mu Long Street muone makonde a chitsulo chokongoletsedwa ngati nsalu yoluka, eni kuno amachitcha broekie lace. Zambiri mwa zitsulozo ankaziitanitsa ku Britain, munthu ankangosankha maluwa ake m'buku la kampani, zibwere pa sitima yapamadzi, n'kudzamangirira. Mu msewu womwewo muli dziwe losambira la 1908 limene likugwirabe ntchito, ndi kamzikiti ka Palm Tree kooneka ngati nyumba wamba. Ndiye msewu umodzi muli mabala, mizikiti ndi tchalitchi chakale cha akapolo.

Pa Darling Street muimirire kutsidya kwa Mutual Building, ya 1940. Ndi yosanja yamwala wotuwa, m'mbali mwake anasema anthu ataliatali a mitundu ya mu Africa, ndipo m'munsi muli mzere wa zosema wofotokoza mbiri momwe atsamunda ankaionera. Mukapitirira pang'ono ndi City Hall ya 1905, mwala wake wachikasu unachokera ku Bath ku England. Pakhonde lake ndi pomwe Mandela analankhula pa 11 February 1990, tsiku lotuluka m'ndende, ndipo tsopano pali chiboliboli chake atakweza dzanja. Ndikhulupirira bambo anamvera pa wailesi tsiku limenelo.

Castle of Good Hope ndi pomwepo, kungodutsa bwalo la Grand Parade. Linga la nsonga zisanu ngati nyenyezi, anamanga kuyambira 1666 mpaka 1679. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imeneyo mafunde ankafika pakhoma pake, mpaka anasuntha chipata chifukwa cha madzi. Strand Street dzina lake likutanthauza gombe. Malo onse kuyambira ku siteshoni kutsikira ku nyumba zazitali za Foreshore inali nyanja, anakwirira cha m'ma 1940 pomanga doko latsopano. Mukamadikira basi ya MyCiTi pa Civic Centre mudziwe kuti mwaima pomwe pankadutsa nsomba.

Kondwani wa Uber: Mwaiwala chomanga chotchuka kuposa zonse, Thoko. Mlatho wothera m'malere uja pafupi ndi Waterfront, malo a mashopu a padoko aja. Anasiya mu 1977, mpaka lero uli chiimire. Bambo akauona mtima ukhala pansi, adziwa kuti zitukuko zosatha si kwathu kokha.

Gift wa pa Long Street: Hahaha! Tsopano ya mlamu wanga wa zaka 24. Achemwali mumupereke kwa ine, ndakhala weyitala mumsewu umenewu zaka 6. Long Street imadzuka cha m'ma 10 usiku. Kumtunda kwake ndiko kuli moto, bala iliyonse nyimbo yake, amapiano apa, rhumba apo, marimba kwinako, ndipo malo abwino ndi pakhonde la m'mwamba, botolo m'manja ukuonera msewu. Koma ndinene chilungamo, siilinso ngati kale. Andalama anasamukira ku Bree Street ndi Kloof Street, kumene galasi limodzi la vinyo ndi ndalama ya ndiwo za masiku awiri. Ngati masiku anu agwera Lachinayi loyamba la mwezi muli ndi mwayi, kumakhala First Thursdays: nyumba zoonetsera zojambula zimatsegula mpaka usiku, kulowa ulere, anthu ali piringupiringu mu Bree ndi Church Street. Kumeneko ngakhale bambo angapite, mpaka 8 koloko. Ophunzira amakonda Lower Main Road ku Observatory, zotchipako. Njala ikakupezani gulani gatsby imodzi, buledi wautali ngati mkono wodzaza tchipisi ndi nyama, mudula panayi mukhuta nonse.

Zoti asamale. Foni isaoneke m'manja pamsewu, aitanire Uber ali mkati. Wina akabwera akuvina, kumukumbatira, kumuyamikira nsapato, dzanja linalo lili m'thumba. Ndipo pali anyamata ovala ngati alonda amene amaimitsa alendo n'kunena kuti msewu watsekedwa, akujambula kanema, pafunika chilolezo choyendera, tiyeni pa ATM. Kulibe chilolezo choyendera pansi mu Cape Town. Msuweni wanga anagwa nazo sabata yake yoyamba, khadi linapita ndi malipiro onse.

Mai a Tadala ku Capricorn: Inu a Gift, mwana wa mkulu wa mpingo mukufuna mukamuphunzitse zotani? Akabwerera kumudzi atalowerera mudzayankha ndinu.

Gift wa pa Long Street: Mayi, ngati sapita ndi ine apita yekha, ndiye sankhani. Ndipotu usiku wa mu tauni muno ndi wathu womwe. Mukasuzumira kukhitchini kwa malo ambiri odyera mumva Chichewa, Chishona, Chilingala. Wotsuka mbale wa ku Mangochi, wowotcha nyama wa ku Mzimba, pakhomo pali wa ku Congo. Alendo akamapita kokagona 2 koloko ife ndiye tikukolopa, kudikira galimoto ya kuntchito itizungulitse Dunoon, Joe Slovo, Philippi, wotsiriza amafika tambala atalira. Tsiku lina ndinamva tebulo lina akukambirana mu Chichewa ngati asiye tip kapena ayi. Ndinangoti, "Siyani ndithu akuluakulu, 10 peresenti, ana kumudzi akudikira." Anaseka mpaka misozi, anasiya yoposa.

Kondwani wa Uber: Lamlungu masana apite ku Rands ku Khayelitsha, nyama yowotcha ndi nyimbo, kumeneko ndiye kumasangalala eni mzinda. Koma apite ndi wodziwa njira ndipo abwereko kusanade kwambiri. Camps Bay ingomudyera ndalama.

aPhiri a ku Bellville: Za usiku ndasiyira achinyamata. Koma pa zimene wanena Gift ndikumbutse chinthu. Mukapita ku Waterfront, anthu amangoona mashopu ndi Clock Tower yofiira ija. Dokolo ndi pomwe Mmalawi mnzathu anagwedeza dziko lino. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU kuno mu 1919, ndipo December wa chaka chomwecho onyamula katundu padoko ananyanyala ntchito. Bungwelo linakula n'kufalikira dziko lonse la South Africa m'ma 1920. Uwauze bambo zimenezi muli chiimire pamenepo, poti munthu amene analowa mumgodi azimva bwino kuposa ife.

Boti la ku Robben Island limanyamukira pomwepo, pa Nelson Mandela Gateway. Mandela anakhala pachilumbapo zaka 18 mwa 27 zija. Ulendo wonse umadya theka la tsiku, matikiti amatha msanga, ndipo mwera ukakula boti silinyamuka. Ngati bambo anasanzapo pa Ilala ulingalire kawiri. Mukalephera, District Six Museum mu Buitenkant Street ili pafupi ndi Castle. Boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti dera limenelo ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwira ku Cape Flats, nyumba n'kugumulidwa. Pansi m'nyumbamo anayala mapu aakulu a misewu yakale, ndipo eni ake anabwera kudzalemba mayina awo pomwe panali makomo awo. Mpaka lero malo ambiri kumtundako ndi thengo, pakati pa mzinda wodula chonchi.

Thoko (wophunzira zomangamanga): Aa aPhiri, si inu munati tisawapatse bambo katundu wolemera?

aPhiri a ku Bellville: Wandigwira mwana iwe. Chabwino.

Thoko (wophunzira zomangamanga): Muli ku Waterfront komweko lowani mu Zeitz MOCAA, ngakhale pakhomo pokha. Inali nkhokwe ya chimanga ya m'ma 1920, ngati za ku Kanengo zija, migolo ya simenti yoima mondondozana. Anaiboola mkati mwa mawonekedwe a njere ya chimanga n'kuitsegula mu 2017 ngati nyumba ya zaluso za mu Africa. Ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba umaona migolo yodulidwa ngati zisa za njuchi. Mlimi aliyense angaikonde.

Mai a Tadala ku Capricorn: Nonsenu mwaiwala chimene bambo anena. Munthu akufuna nyanja. Nachisale, iwe uli kale pa njanji ya kumwera. Kwerani sitima pa Wynberg yolowera ku Fish Hoek ndi Simon's Town, mukhale mbali ya kumanzere. Kuyambira pa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi, mafunde akakula amawaza mawindo. Tsikirani pa Muizenberg apondeko madzi, pali tinyumba tamatabwa tamitundumitundu tija mumationa pa makalendala. Madzi a mbali ino ndi ofundirako. Ku Camps Bay ndi Clifton ndi okongola pa chithunzi koma ukaviika phazi umamva ngati lalumidwa. Nkhomaliro mukadye ku Kalk Bay padoko, nsomba ya snoek ndi tchipisi, ma seal, nyama za m'nyanja zija, akungogona pomwe amayi akutumbula nsomba. Nthawi zina mchenga umakwirira njanji ndiye sitima imathera pa Fish Hoek, mukatero mupitirize pa minibasi. Ku Boulders kuli ma penguin, mbalame zoyenda chiimire ngati madikoni ovala masuti. Tengani mapasipoti, a m'mayiko a SADC timalipira mtengo wotsikirapo kusiyana ndi a kunja kwenikweni.

Gift wa pa Long Street: Madikoni! Mayi inu mudzatiphetsa.

Nachisale wa ku Wynberg: Abale, ndabweranso patatha milungu isanu, alendo anyamuka dzana. Ndinene momwe zinayendera. Tsiku loyamba phiri linali litafunda nsalu yake, ndiye tinayamba ndi tauni. Mu Groote Kerk bambo anavula chipewa, anazungulira gome lija kawiri, anagwira mkango pamutu, n'kundiuza kuti ndiwajambule kuti akaonetse abusa. Titawoloka kulowa mu Slave Lodge anangoti chete, kuwerenga chilichonse, ine ndikumasulira pomwe Chingerezi chawavuta. Potuluka anaima pakhomo, kuyang'ana tchalitchi, kuyang'ana nyumbayo, n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti nyimbo za mapemphero ankazimva ali muno?" Ndinasowa choyankha. Tinakakhala pabenchi mu Company's Garden mpaka mzinga wa 12 koloko unatidzidzimutsa, ngakhale a Kondwani munatichenjeza.

Che Bwanali, zikomo chifukwa cha ndodo ija, akana kuisiya ngakhale m'basi. Robben Island tinalephera, matikiti anali atatha, kulakwa kwanga. Phiri tinakwera tsiku lachitatu, bambo anatseka maso njira yonse, pamwamba n'kuyamba kulozera ngati eni malo. Mlongo wanga a Gift anamubweza 3 koloko m'mawa, foni ili m'thumba, koma ndalama ya nsapato zimene ankafuna kugula kuno inathera pakhonde la m'mwamba.

Mai a Tadala, inu ndiye munalasa. Pa Muizenberg anapinda thalauza, analowa mpaka m'maondo, anatunga madzi m'manja n'kulawa. Kenako anakhuthula Fanta wanga pamchenga kuti apeze botolo.

Mai a Tadala ku Capricorn: Botololo lafika kumudzi?

Nachisale wa ku Wynberg: Akadali m'njira, aimba ali pa Mwanza. Akuti a kasitomu anafunsa kuti muli chiyani, bambo n'kuwauza kuti alawe okha.